Mitsempha yotupa kumaliseche pa nthawi ya pathupi: lipoti la mayi amene anadulidwa ndi lezala pomuganizira mauka

Mayi amene tikumufotokoza pano ali ndi zaka 31, amakhala kutsidya la kum'mawa kwa Shire, ndipo anafika kwa ife ali ndi pathupi pachisanu pa masabata 30. Dzina lake, mudzi wake ndi zipatala zimene anapitako sititchula. Vuto lake, la mitsempha yotupa kumaliseche, ndi lofala ndipo palokha silipha munthu, koma linamufikitsa pangozi chifukwa cha zinthu ziwiri zopeweka: kusikelo sanamuyeze ataimirira, ndipo kumudzi anamudula.

Tsiku lofika

Anabwera masana m'mwezi wa Okutobala pa kabaza wa njinga yamoto, atakhalira zitenje ziwiri zimene zinali zitanyoweratu ndi magazi. Amene anayankhula ndi apongozi ake aakazi: "Anesi, tithandizeni, mwanayu akutaya magazi kumusi, mwina pathupi pakufuna kuchoka."

Mtima unkagunda ka 104 pa mphindi, BP inali 105/65, m'zikope ndi m'manja munali motuwa. Mimba inali yofewa, yosapweteka poikhudza, matenda anali asanayambe. Msinkhu wa chiberekero unali masentimita 30, mogwirizana ndi masabata ake, ndipo mtima wa mwana unkagunda ka 144 pa mphindi.

Mayi aliyense wotaya magazi pathupi patakula chonchi timayamba taganizira kuti mwina nsengwa yakhala pakhomo la chiberekero, ndipo chala sichilowa m'njira yoberekera mpaka sikani itaonetsa pamene nsengwayo yakhala. Koma kuyang'ana kunja ndi tochi sikuletsedwa, ndipo sikutha mphindi imodzi. Titachotsa zitenje tinapeza kuti magazi sankachokera m'kati. Ankatuluka pa bala la sentimita imodzi, m'kati mwa mlomo waukulu wa maliseche, mbali ya kumanzere. Anali akuda, akuyenderera mosalekeza koma osathovoka, kusonyeza kuti umene wadulidwa ndi mtsempha wobweza magazi kumtima, osati wochokera kumtima. Pabalapo anali atamatapo masamba osinja osakaniza ndi phulusa.

Tinamugoneka chopendekera kumanzere, tinamuikira bulangete lopinda pansi pa matako kuti chiuno chikwere, tinachotsa masambawo ndi kutsuka ndi madzi a mchere a kuchipatala (normal saline). Kenako tinapsinja ndi gozi kwa mphindi 10 zowerenga pa wotchi, osatukula dzanja. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amatukula gozi pakapita mphindi ziwiri kuti aone ngati magazi aleka, ndipo potero amachotsa kamagazi koundana kamene kanayamba kutseka bala. Magazi anachepa, koma mayiyu atangotsokomola anayambiranso, choncho tinasoka.

Tinabaya mankhwala ochititsa dzanzi, lidocaine wa 1%, mamililita 5, pambali pa mtsempha, tikuyamba takoka jakisoni kuti titsimikize kuti singano sili m'magazi. Tinagwiritsa ntchito ulusi wosungunuka wokha wa 3/0 pa singano yobulungira, ndi kumanga mopingasa ngati nambala 8, kudutsitsa singano pansi pa mtsempha kumtunda ndi kumusi kwa bala. Mfundo ziwiri zinakwanira. Khoma la mtsempha wotupa ndi lopyapyala kwambiri: ukalibaya ndi singano kapena kulipana ndi fosepu mongoganizira, limang'ambika ndipo bala limakula kuposa mmene unalipezera.

Tinamuika kanyula wa 18 ndi dilipi ya normal saline lita imodzi. Hb, mlingo wa magazi m'thupi, inali 8.7, pamene buku lake la kusikelo linkaonetsa 10.4 poyamba sikelo. Malungo, HIV ndi chindoko sizinapezeke, mumkodzo munalibe puloteni. Sikani inaonetsa mwana mmodzi, madzi okwanira, nsengwa ili pamwamba. Apo ndi pamene tinayang'ana m'kati ndi speculum, kachipangizo kotsegulira njira yoberekera: khomo la chiberekero linali lotseka, lopanda magazi, ndipo mitsempha yotupa sinali itakwera m'njira yoberekera. Katemera wa kafumbata anali atamaliza. Lezala linali latsopano, logula okha, ndipo funso limeneli lisaiwalike: likanakhala logwiritsidwa kale ntchito pa munthu wina, akanayenera kuyamba mankhwala oteteza ku HIV pasanathe maola 72. Chifukwa cha masamba ndi phulusa zija tinamupatsa amoxicillin 500 mg katatu pa tsiku kwa masiku asanu.

Zimene anatiuza apongozi atatuluka

Mayi sanganene za kumaso pamaso pa apongozi ake, ndiye tinawapempha mwaulemu kuti akapume panja. Iye anati zotupazo anaziona koyamba pa pathupi pachitatu, zing'onozing'ono, ndipo zinatha atachira. Pa pathupi pachinayi zinakulirapo n'kuthanso. Ulendo uno zinayamba ali ndi miyezi isanu. M'mawa podzuka samamva kanthu, koma pofika madzulo kumusi kumalemera ngati kanthu kakufuna kugwa, kumayabwa, ntchafu sizigundana bwino poyenda, ndipo kukhala malo amodzi ndi bambo a kunyumba kunali kowawa moti anasiya.

Tsiku lake limayenda motere: kumjigo ndi chigubu cha malita 20 pamutu maulendo angapo, kudimba kuthirira, kusinja mapira, ndipo pa tsiku la msika amaima kuyambira m'mawa akugulitsa nsomba zouma. Mayi ake omubereka ali ndi mitsempha yotupa m'miyendo. Chiyambireni kumwa mapiritsi owonjezera magazi ankapita kuchimbudzi kamodzi pa masiku atatu, motchima. Mwana wake womaliza anali asanakwanitse zaka ziwiri.

Kusikelo anadandaula kawiri. Ulendo woyamba anati "kumusi kukuyabwa," ndipo anamupatsa mapiritsi oika kumusi osamuyang'ana. Ulendo wachiwiri anamuyang'ana atagona chagada, n'kumuuza kuti palibe chikuoneka. Nthawi yomweyo mwana womaliza uja ankatentha thupi pafupipafupi, ndipo akuluakulu pamudzi anagwirizana kuti mayi ake ali ndi mauka, ayenera kudulidwa. Kumudzi mauka amatanthauza zambiri: kuyabwa, chikazi, tinthu tomera kumaliseche, ndipo ambiri amakhulupirira kuti mauka a mayi ndi amene amadwalitsa mwana. Gogo amene anamudulayo anaona chotupa, n'kuchiyesa nyama yomera. Sanadziwe kuti pansi pa khungu lopyapyalalo pali mtsempha wodzaza magazi. Sitikunyoza akuluakuluwa, ankafuna kuthandiza mwana wawo amene chipatala chinamubweza kawiri opanda yankho.

Kumuyeza ataimirira

M'mawa mwake tinamupempha kuti ayendeyende kaye, kenako tinamuyeza ataimirira kuseri kwa katani, phazi limodzi ataliika pa kampando. Zimene sizinkaoneka atagona zinaonekera poyera: mitsempha yopindikapindika, yobiriwira, yodzaza mlomo waukulu wa kumanzere, waukulu kwambiri wotambalala pafupifupi sentimita imodzi, ina ikutsikira m'kati mwa ntchafu ndi kuseri kwake. Kumanja inalipo yochepa. Ukaisindikiza ndi chala inkaphwa, ukachotsa chala inkadzazanso, ndipo akatsokomola inkafufuma. Sinali yotentha kapena yolimba. Analinso ndi mudzi waung'ono, kutanthauza mitsempha yotupa ya kotulukira chimbudzi. Atagona mphindi zisanu chiuno chili m'mwamba, pafupifupi yonse inaphwa. Zizindikiro zitatuzi, kuphwa poisindikiza, kufufuma potsokomola ndi kuphwa pogona, ndi zokwanira kudziwa vutoli popanda makina alionse.

Zina zotupa malo omwewo zimasiyana motere. Chotupa cha Bartholin, kathumba kotulutsa chinyezi pakhomo la njira yoberekera, chimakhala chimodzi, chobulungira, chakumusi cha kumbuyo kwa khomo, sichiphwa pogona, ndipo chikakhala ndi mafinya mayi sakhala pansi ndi ululu. Njerewere za kumaliseche ndi zokhakhala, zomera pamwamba pa khungu. Kutupa kwa madzi kumagwira mbali zonse ziwiri mofanana ndipo chala chimasiya dzenje. Ukaona zimenezo yeza BP, puloteni mumkodzo ndi Hb. Chotupa cha pamwamba m'mphechepeche chingakhale chophukacho, komanso ingakhale mitsempha yomweyi yotsatira chingwe chogwira chiberekero. Sikani ya Doppler, yoonetsa kayendedwe ka magazi, ndi imene imasiyanitsa, ndipo mayi asatengeredwe kufiyeta isanachitike. Kuno kuchigwa tiyeneranso kukumbukira ziwiri. Likodzo limagwiranso ziwalo zoberekera za amayi amene amachapa ndi kusamba m'madambo, ndipo limabweretsa kuyabwa, tizilonda ndi magazi pogonana. Mankhwala ake, praziquantel wa 40 mg pa kilogalamu, amaloledwa ngakhale kwa woyembekezera. Mtchetcha, matenda otupitsa miyendo ndi maliseche, nawo unali wofala ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2020 kuti Malawi wathana nawo ngati vuto la dziko, koma amene anatupa kale akadalipo. Kutupa kwake n'kolimba, khungu lokhuthala, ndipo sikuphwa usiku.

Chimene chimatupitsa mitsemphayi

Pathupi pamawonjezera magazi m'thupi la mayi ndi 40 mpaka 50 pa 100 alionse, ndipo ambiri amathamangira m'chiuno: pomwe mayi watsala pang'ono kuchira, chiberekero chokha chimalandira magazi oposa theka la lita pa mphindi iliyonse. Onsewa ayenera kubwerera kumtima. Pamenepo progesterone, homoni ya pathupi, imakhala itafewetsa makoma a mitsempha, ndiye imatanuka, ndipo titseko tam'kati mwake timene timaletsa magazi kubwerera pansi timaleka kutsekana bwino. Kuwonjezera apo chiberekero chimapsinja mitsempha ikuluikulu ya m'chiuno ndi mtsempha waukulu wa inferior vena cava, umene umadutsa kumanja kwa msana.

Amene anathirirapo pa sikimu amadziwa zimene zimachitika ngalande yaikulu yotulutsa madzi ikatsekeka kumusi: madzi amabwerera m'tingalande ting'onoting'ono n'kusefukira pamene dothi lili lofewa. Kumaliseche ndiye pofewapo. Mitsempha yake imatsanulira mbali zingapo, ina kupita ku mtsempha waukulu wa m'ntchafu, ina kulowa m'chiuno, ina kutsatira chingwe cha chiberekero, ndipo palibe mnofu wolimba woigwira ngati mmene katumba amafinyira mitsempha ya m'mwendo. N'chifukwa chake mudzi, mitsempha ya m'miyendo ndi ya kumaliseche zimakonda kubwera limodzi.

Pathupi palipose pamasiya mitsempha itatanukirako, choncho vutoli silionekaoneka pa pathupi poyamba ndipo limakula ndi kuchuluka kwa ana, makamaka obadwa motsatizana. Mtundu, mapasa, madzi ochuluka m'chiberekero, kuima nthawi yaitali, kusenza zolemera ndi kudzimbidwa zimawonjezera. Kutentha nakonso kumatanula mitsempha ya pakhungu, ndipo ku Ngabu, Nchalo kapena Bangula, kumene Okutobala ndi Novembala amapyola madigiri 40, amayi amamva kusiyana kwake. Si matenda opatsirana pogonana, mwamuna alibe mlandu, ndipo mwana wa m'mimba kapena wa kumsana sakhudzidwa. Mawu amenewa tinawanena pamaso pa mwamuna ndi apongozi, mayiyu atavomera.

Chithandizo mpaka kuchira

Palibe piritsi kapena mafuta opaka amene amaphwetsa mitsemphayi pathupi pakadalipo, ndipo kuibaya mankhwala kapena kuimanga pa opareshoni sikuchitika nthawi imeneyi chifukwa yambiri imatha yokha. Kupeweratu sikutheka kwa mayi amene vutoli ndi la kumtundu kwawo. Chimene chimatheka ndi kuchepetsa kulemera kwa magazi pamalopo, ndipo malangizo ake ayenera kukhala otheka m'nyumba ya mayiyo, osati ya m'tauni.

Chothandiza kwambiri ndi chogwiriziza. Tinamuonetsa kupinda kansalu koyera ka thonje kanayi, kapena kusanjikiza mapadi awiri, n'kuika pamalopo m'kati mwa kabudula wamkati wogwira thupi, kuti kazikankhira m'mwamba. Avale asanadzuke pamphasa, mitsempha ikadali yophwa; akavala itadzaza kale amangoipana ndipo ululu umakula. Lamba wake asafinye mimba kapena m'mphechepeche. Chifukwa cha thukuta la kuno, nsaluyo isinthidwe kawiri kapena katatu pa tsiku, ichapidwe ndi sopo n'kuyanikidwa padzuwa, apo ayi kuyabwa kwa mitsempha kumasanduka zilonda. Kwa iye tinadikira masiku 10 kuti bala lipole asanayambe.

Pogona agonere kumanzere, kuti chiberekero chichoke pa mtsempha waukulu uja, ndi bulangete lopinda pansi pa chiuno ndi lina pakati pa mawondo. Amene ali ndi bedi aike njerwa imodzi pansi pa miyendo ya kumapazi, likwere masentimita 10 mpaka 15. Masana agone chimodzimodzi mphindi 20, kawiri kapena katatu, makamaka dzuwa likaswa mtengo. Poziziritsa, madzi a mumtsuko akwanira: anyowetse nsalu yoyera, aike mphindi 10 mpaka 15. Amene angapeze ayezi amukulunge m'nsalu, asamuike pakhungu mwachindunji. Kuthowa ndi madzi otentha, kumene ambiri amathamangira, kumatupitsa mitsempha kwambiri.

Kumuuza mayi wa ana anayi kuti asagwire ntchito n'kutaya mawu. Tinakambirana ndi banja lonse ntchito imodziimodzi: chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20, ndiye atunge theka kapena atume ana okulirapo, mapira apite kuchigayo, pamsika akhale pampando, ndipo pakatha theka la ola aimirire n'kuyenda pang'ono kapena kunyanyamphira kangapo kuti akatumba apope magazi. Kunjuta nthawi yaitali, pochapa kapena pophika, achepetse. Apongozi anafunsa kuti, "Nanga kudimba asiyiretu?" Tinawayankha kuti, "Ayi amayi, apite m'mamawa kukadali kozizira, koma zitini zothirira anyamule wina."

Kudzimbidwa tinakulimbana nako osasiya mapiritsi a magazi, chifukwa ndi Hb ya 8.7 ndiwo anali ofunika koposa. Tinawonjezera kukhala awiri pa tsiku, kuti alandire ayironi wokwana 120 mg, pamodzi ndi mankhwala a njoka za m'mimba, albendazole 400 mg kamodzi, ndipo Fansidar woteteza malungo anapitiriza mwezi ndi mwezi. Madzi akumwa akhale malita awiri kapena atatu pa tsiku m'nyengo yotentha, nsima ya mgaiwa kapena ya mapira m'malo mwa ufa woyera, masamba, nyemba, papaya ndi mango akapsa. Tiyi asamwere mapiritsiwo chifukwa amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Sabata yoyamba tinamupatsa mankhwala ofewetsa chimbudzi, lactulose 15 ml kawiri pa tsiku. Pa ululu, paracetamol 1 g, osapyola kanayi pa tsiku. Bufeni, diclofenac ndi indocid, zimene zimagulitsidwa m'maokala, asamwe: pathupi pakapyola masabata 20 zingachepetse madzi a mwana, ndipo m'miyezi itatu yomaliza zingatseke msanga mtsempha wofunika wa pafupi ndi mtima wake.

Tinamuuza zobwerera nazo msanga osadikira tsiku la sikelo. Mtsempha ukalimba, kufiira, kutentha ndi kuleka kuphwa, ndiye kuti magazi aundana m'kati mwake. Mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka, kawirikawiri wa kumanzere, kapena akamva kubanika ndi kupweteka pachifuwa, ndi ngozi ya magazi oundana m'mitsempha ya m'kati. Mankhwala ake kwa woyembekezera ndi heparin, osati warfarin. Magazi akatuluka, agone, akweze chiuno, apsinje ndi nsalu yoyera osatukula, ndipo anyamuke akupsinjabe.

Pa masabata 34 Hb inali 10.1, bala litapola, kulemera kutachepa ngakhale mitsempha inali ikuonekabe. Pa masabata 37 anabwera kuchidikiro. Tinaumirira zimenezi chifukwa mvula inali itayamba, ndipo aliyense wa kutsidya amadziwa mmene madera ngati Makhanga amadukira njira madzi akakwera, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023.

Kubereka

Banja linkaganiza kuti achira ndi mpeni. Mitsempha yotupa payokha si chifukwa chochitira opareshoni. Mutu wa mwana ukamatsika umaipsinja n'kuiphwetsa, ndipo kuphulika kwake pobereka n'kosowa. Opareshoni imaganiziridwa pokhapokha mitsempha ikuluikulu itadzaza m'njira yoberekera, ndipo chiganizo chimenecho ndi cha dokotala wa amayi.

Matenda anayamba okha pa masabata 39. Tinaikiratu kanyula, tinatenga magazi odziwira gulu lake, ndipo mzamba anayang'aniratu pamene mitsempha yadutsa, mutu usanatsike, chifukwa pambuyo pake sioneka. Anatchima atagonera kumanzere, ndipo mutu tinautulutsa pang'onopang'ono, dzanja likugwiriziza kumusi. Sitinamudule powonjezera njira. Kudula kukafunikadi chifukwa mwana watopa, lumo lipite mbali imene mitsempha ili yochepa, kwa iye kumanja. Mwana wamkazi wa makilogalamu 3.2 anabadwa akulira. Oxytocin 10 IU, jakisoni wolimbitsa chiberekero kuti mayi asataye magazi, anabayidwa pantchafu ya mayi pasanathe mphindi imodzi, nsengwa inatuluka yathunthu, panali kung'ambika kwa khungu lokha kumene tinasoka, ndipo magazi onse otayika anali pafupifupi mamililita 350.

Maola awiri oyamba tinkamuona mphindi 15 zilizonse, ndipo kuwonjezera pa kugwira chiberekero tinkatsegula ntchafu n'kuyang'ana. Chifukwa chake n'chakuti mtsempha ungang'ambike pansi pa khungu losang'ambika, magazi n'kumadzaza m'kati osaoneka pa padi. Mayi amalira ululu woopsa kumusi, amamva ngati chimbudzi chamugwira, amalephera kukodza, mtima umathamanga, chonsecho chiberekero chili gwa. Chotupa chotere chikakhala chosakwana masentimita asanu ndipo sichikukula, chimafuna kuziziritsa, kupsinja, mankhwala a ululu ndi kuchiyeza pafupipafupi. Chikamakula, kapena BP ikamatsika, ndi cha kufiyeta: kuchitsegula, kuchotsa magazi oundana, kumanga mtsempha. Pachipatala chaching'ono, ika makanyula awiri ndi kapaipi ka mkodzo, pereka mankhwala oletsa kutaya magazi, tranexamic acid 1 g, mumtsempha pang'onopang'ono kwa mphindi 10, pasanathe maola atatu chiberekereni, psinja, ndipo tumiza. Kwa mayiyu zimenezi sizinachitike.

Atachira

Pa sabata imodzi mitsempha inali itaphwa kuposa theka. Pa masabata asanu ndi limodzi, tikumuyezanso ataimirira, kumaliseche kunalibe chooneka kupatula kachipsera ka lezala, ndipo kuseri kwa ntchafu kunatsala timitsempha tiwiri tosapweteka. Hb inali 11.3, ndipo mapiritsi a magazi anapitiriza mpaka miyezi itatu. Mitsempha yotupa siletsa njira iliyonse ya kulera, ngakhale mapiritsi olera okhala ndi homoni ya estrogen sayenera mayi woyamwitsa m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Iye anasankha Jadelle ya pamkono, ya zaka zisanu. M'buku lake tinalemba mbali imene mitsempha inali ndi masabata amene inayamba, kuti akadzaimanso, chogwiriziza chidzayambe msanga ndipo mzamba adzadziwiretu.

Si onse amene imawathera chonchi. Mayi amene pakatha miyezi itatu mitsempha ikadalipo, kapena akumva kulemera m'chinena kumene kumakula madzulo, pa nthawi yosamba ndi akatha kukhala malo amodzi ndi mwamuna, angakhale ndi mitsempha yotanuka m'kati mwa chiuno, kawirikawiri wochokera ku thumba la mazira la kumanzere. Ameneyo asamangopatsidwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana ulendo uliwonse. Afunika sikani ya Doppler ndi kalata yopita kwa madokotala a amayi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kudzera pachipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje. Njira zochizira zimene zilipo pa zachipatala ndi kubaya mankhwala oumitsa mtsempha monga polidocanol, kuumanga kapena kuuchotsa pa opareshoni, ndi kutseka mtsempha wa m'chiuno umene ukubweza magazi. M'kalatamo mulembedwe chiwerengero cha mimba, nthawi imene wachira, njira ya kulera imene akugwiritsa ntchito, ndi zimene zinaoneka pomuyeza ataimirira.